Pampu ya dizilo ya injini ya boti ikayamba kuvuta: zoti muone musanayimasule

Mapampu ambiri amene amafika ku Lusaka kuchokera ku Siavonga, ku Sinazongwe, ku Itezhi-Tezhi ngakhale ku Mpulungu, atakulungidwa m'saka ndi uthenga wakuti "pampu yafa", akaikidwa pa benchi yoyesera amapezeka kuti ndi abwinobwino. Mwini boti, amene nthawi zambiri amakhala m'tauni muno, walipira mayendedwe, boti lagona pagombe sabata yathunthu osagwira kapenta, pampu yabwerera kunyanja, koma injini ikuchitabe zomwe zija.

Pampu imeneyi, imene imakankhira dizilo mwamphamvu kupita m'masilinda, imangopereka zimene yalandira. Ikalandira mpweya ipereka mpweya, ikalandira madzi ipereka madzi mpaka iwonongeke. Choncho musanaike sipanala pa mabawuti ake, tsimikizani kuti dizilo woyera, wopanda mpweya, akufika pakhomo pake mokwanira. Pa chizindikiro chilichonse m'munsimu tayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kumalizira ndi chimene chimachitika mwa apo ndi apo.

Dziwani kaye mtundu wa pampu yanu

- Pampu yolowa m'thupi la injini: imapezeka pa mainjini ang'onoang'ono monga a Yanmar, a Lister ndi aja a silinda imodzi ochokera ku China. Imakankhidwa ndi camshaft ya injini, ndipo taimingi yake, kapena kuti nthawi imene imaponyera mafuta, imakonzedwa ndi timalata topyapyala totchedwa shim timene timakhala pansi pake.
- Pampu ya inline: mapaipi ake amatuluka pamwamba atandanda pamzere, silinda iliyonse ili ndi plunger yakeyake, kachitsulo kokankha mafuta. Kunsi kwake kumafewetsedwa ndi oyilo. Imapirira kwambiri.
- Pampu ya rotary, monga Bosch VE kapena CAV DPA: mapaipi amatuluka kumbuyo mozungulira. Mkati monse mumafewetsedwa ndi dizilo yemweyo, n'chifukwa chake madzi kapena parafini amayipha msanga.
- Common rail: imayendetsedwa ndi kompyuta. Pa mtundu uwu, ntchito yanu ithere pa thanki, mafyuluta ndi mawaya.

Mpata wa pakati pa plunger ndi barrel yake, kabowo kamene imayendamo, ndi ma micron 2 kapena 3 okha, pamene tsitsi la munthu limafika ma micron pafupifupi 70. Fumbi limene diso silingaone ndi lokwanira kukanda zitsulo zimenezi.

Machenjezo awiri

Injekita wamba, chida chopopera dizilo mu silinda, imatseguka pa mphamvu ya pakati pa 150 ndi 250 bar, ndipo common rail imatha kupitirira 1,600 bar. Dizilo wotuluka pa kabowo ndi mphamvu yotere amaboola khungu. Bala lake limaoneka ngati la singano, koma mkati mnofu umayamba kufa. Musafufuze podontha ndi chala. Gwiritsani ntchito chidutswa cha katoni. Wina akabayidwa, apite kuchipatala nthawi yomweyo ndipo akanene kuti ndi mafuta a pampu amene alowa. Pa common rail musamasule paipi ya injekita injini ikulira kapena itangozima kumene.

Chachiwiri chimakhudza maboti amene ekizosi yake imatulutsa utsi pamodzi ndi madzi. Mukamazungulitsa sitata injini osalira, pampu ya madzi imapitiriza kuthira madzi mu ekizosi, koma palibe utsi wowakankhira kunja. Akadzaza amabwerera m'masilinda, ndipo pisitoni ikakumana ndi madzi, connecting rod, mkono wa pisitoniyo, imapindika. Zungulitsani masekondi 10 mpaka 15 n'kupumitsa sitata. Mukaona kuti zonse pamodzi zakwana masekondi 30 injini isanalire, tsekani vavu yolowetsa madzi, ndipo muyitsegule ikangolira.

Mayeso awiri amene amaweruza mlandu

Oyamba: ikani paipi yoonekera mkati, yaitali ngati chikhatho, pakati pa fyuluta yomaliza ndi pampu. Lizani injini. Timathovu tikamadutsa, mpweya ukulowera penapake kumbuyoko. Sunthani paipiyo kulowera kuthanki, chigawo ndi chigawo, mpaka timathovu tisiye kuoneka. Pamenepo mwapeza malo ake.

Achiwiri: thirani malita 5 a dizilo watsopano, wogula pa filing'i sitesheni, m'chigubu choyera. Chiikeni pamwamba kuposa injini, lumikizani ku fyuluta yomaliza, ndipo paipi yobweza mafuta ilowe m'chigubu chomwecho. Injini ikalira bwino, pampu ilibe mlandu. Vuto lili ku thanki, m'mapaipi, pa fyuluta yoyamba kapena pa lift pump, kapampu kokoka mafuta kuchokera m'thanki.

Injini ikuzungulira koma sikulira

1. Mpweya m'mapaipi. Zimachitika thanki ikauma, mukasintha fyuluta, kapena boti likakhala masiku osayenda.
2. Choimitsira injini sichinabwerere. Ngati ndi chingwe chokoka, pitani pa pampu penipeni mukaone ngati kachitsulo kake kafika kumapeto. Ngati ndi solenoidi, chotsekera mafuta choyendera magetsi, tsegulani kiyi ndipo mumve kuti "tha". Popanda phokosoli, yezani ngati magetsi a 12 kapena 24 volts akufika pa waya wake. Dzimbiri pa waya ndi fyuzi yopsa ndizo zimavuta kuposa solenoidi yeniyeniyo.
3. Sitata ikuzungulira mwaulesi. Batire lodzaza limasonyeza 12.6 volts, ndipo likatsika pansi pa 10 pozungulitsa, pampu singapange mphamvu yokwanira, makamaka ya rotary.
4. Fyuluta yatsekeka, kapena mwadzaza madzi.
5. Lift pump yatopa. Masulani paipi yake yotulutsa, zungulitsani injini, mafuta azilavuka mwamphamvu.
6. Rack, kachitsulo ka m'pampu koonjezera kapena kuchepetsa mafuta, yakakamira potseka, chifukwa cha dzimbiri kapena mafuta akale amene auma ngati ulimbo. Izi zimakonda maboti amene akhala miyezi pagombe.
7. Shaft ya pampu yathyoka, kapena taimingi yasuntha.

Kuchotsa mpweya kumayenda motere. Tsegulani vavu ya pathanki. Masulani kabawuti kotulutsira mpweya pamwamba pa fyuluta yomaliza, popani ndi dzanja pa lift pump mpaka mafuta atuluke opanda thovu, mangani. Ngati chopopera sichikulimba m'dzanja, zungulitsani injini pang'ono, chifukwa nthawi zina cam imakhala itachikankha kale. Chitani chimodzimodzi pa kabawuti ka papampu. CAV DPA ili ndi tiwiri, kena pathupi kena pachivundikiro cha gavana, chida cholamulira liwiro la injini. Kenako masulani pang'ono manati a mapaipi ku mainjekita, amene nthawi zambiri amafuna sipanala ya 17, tsegulani moto wonse, phimbani ndi chiguduli, zungulitsani mpaka mafuta alavuke, mangani.

Ngati mafuta abwino akufika pakhomo la pampu, choimitsira chatseguka, sitata ikuthamanga, koma pa manati onse a mainjekita pauma, apo ndiye pampu ili ndi mlandu. Siyirani pomwepo.

Imalira bwino, kenako mphamvu imatha n'kuzima panyanja

Ili ndilo dandaulo la marigi ambiri, maboti ogwira kapenta, ndipo si kawirikawiri kuti likhale la pampu.

1. Litsiro la pansi pa thanki. Nyanja ikakhala bata limagona, mafunde akayamba limavunduka n'kutseka fyuluta. Mukapeza zinthu zakuda zoterera ngati mamina mu fyuluta, ndi tizilombo timene timaswana pamene madzi amakumana ndi dizilo. Kusintha fyuluta kokha sikuthandiza. Thanki ikhuthulidwe, itsukidwe, madzi achoke, kenako muthire mankhwala ophera tizilomboto.
2. Kapaipi kopumira thanki katsekeka. M'chigwa cha Zambezi mavu omanga ndi dothi amakonda kumata timabowo totere. Injini ikayamba kufooka, tsegulani chitsekero cha thanki. Mukamva mpweya ukulowa kuti "fyuu" ndipo injini n'kutsitsimuka, mwalipeza vuto.
3. Mpweya wolowera kumbali yokoka mafuta. Mbali imeneyi sidontha, imangoyamwa, ndiye diso silingaone. Onani labala la fyuluta, makamaka ngati lakale linatsalira pansi pa latsopano, mawashala a kopa amene agwiritsidwa ntchito kawiri, ndi paipi ya labala yong'aluka pafupi ndi kilampu.
4. Paipi yokoka mafuta m'thanki ili ndi kasefa kotsekeka kapena yang'aluka chapakati. Ikang'aluka, injini imavuta pokhapokha mafuta akatsika kufika pa mng'aluwo.
5. Paipi yobweza mafuta yapindika kapena yatsekeka. Mapampu ena a rotary amazima pang'onopang'ono zikatero.
6. Kasefa ka pakhomo la pampu katsekeka. Pa CAV DPA kali mkati mwa polowera mafuta, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti kalipo.

Madzi amalowa m'njira zitatu: pa chitsekero cha thanki chopanda labala nthawi ya dzinja, mame a mkati mwa thanki yosadzaza m'miyezi yozizira ya June ndi July, komanso m'migolo imene mafuta amanyamuliramo kupita kugombe. Mgolo uzikhala tsiku lathunthu usanapopedwe, ndipo paipi isafike pansi penipeni. Musasunge dizilo m'chotengera cha galvanised, chifukwa zinc imasungunukira m'mafuta n'kukamata manozo, nsonga za mainjekita. Khuthulani madzi pa fyuluta yoyamba tsiku lililonse musananyamuke. Yoyambayo ikhale ya ma micron 10 mpaka 30 yokhala ndi kambale koonekera, yomaliza ikhale imene buku la injini likunena, ndipo zonse zisinthidwe pa maola 200 mpaka 250, kapena msanga ngati mafuta ndi a m'migolo. Marigi akamapuma mwezi ukawala, imeneyo ndiyo nthawi yabwino ya ntchito imeneyi.

Ikazizira imalira msanga, ikatentha imakana

Yambani ndi sitata ndi mawaya a batire, pakuti sitata yotopa imafooka ikatentha. Kenako solenoidi: koilo yake ikayamba kupsa imagwira kuzizira n'kulephera kutentha. Zonsezi zikakhala bwino, ganizirani za kutha kwa plunger kapena rotor, chitsulo chozungulira cha m'pampu ya rotary. Dizilo wotentha amapyapyala, ndiye amathawira m'mpata umene wakula m'malo mopita ku injekita. Mu October, pamene chipinda cha injini chimatentha ngati ng'anjo, vutoli limaonekera kwambiri.

Ena amathira madzi ozizira pamutu pa pampu kuti ilire. Musatero, chitsulo chakunja chikafota mwadzidzidzi chimatha kugwira rotor n'kuthyola shaft. Tsegulani chipinda, dikirani theka la ola. Ikalira itazizira, pampu ipite ku benchi, ndipo mufunse kumene mafuta akugulidwa. Dizilo wosakaniza ndi parafini ndiye amadya mapampu a rotary motere.

Mphamvu zachepa

Yesani izi musanaganize china: giya ili pa nyutulo, tsegulani moto wonse kwa kanthawi kochepa, muone ngati injini ikufika pa liwiro lake lonse. Kenako lowetsani giya muyende. Utsi ndiwo ukuuzeni kolowera.

Ikafika liwiro pa nyutulo, koma pa giya ikulephera ndipo utsi ndi wakuda, mafuta alipo ambiri kuposa mpweya, kapena katundu wachuluka:

- ukonde, chingwe kapena udzu wakulunga pulopela
- pansi pa boti pamera ndere, kapena boti lalemedwa
- fyuluta ya mpweya yatsekeka, kapena chipinda cha injini sichikupuma. Tsegulani chivundikiro muone ngati utsi ukuchepa
- chigongono cha ekizosi chadzaza mwaye
- nozo ikudontha m'malo mopopera
- turbo yatopa, ngati ilipo
- taimingi yachedwa, kapena wina anakhudza bawuti yoonjezera mafuta

Ikamalephera koma utsi palibe, injini ili ndi njala. Bwererani ku mafyuluta, mpweya ndi lift pump, ndipo muone ngati chingwe cha moto chikukankha kachitsulo ka papampu mpaka kumapeto. Pa Bosch VE onaninso mabawuti awiri obooka a mapaipi. Ya paipi yobweza yalembedwa OUT ndipo ili ndi kabowo kakang'ono kwambiri. Ikasinthanitsidwa ndi yolowetsa, injini imalira bwino pansipansi koma siikoka.

Bawuti yoonjezera mafuta ili ndi chidindo cha mtovu kapena kachipewa pa chifukwa. Kuyipotokola kumabweretsa utsi, kutentha ndi mapisitoni osungunuka, pamene chimene chinadya mphamvu chikadalipo.

Utsi woyera

Siyanitsani kaye utsi ndi nthunzi. Nthunzi imazimirira pafupi ndi boti ndipo imasonyeza kuti madzi oziziritsa akuchepa kapena gasiketi yapsa. Utsi woyera wa dizilo wosapsa umakhalitsa, umanunkha mafuta ndipo umawawa m'maso. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala: mpweya kapena madzi m'mafuta, ma glow plug (otenthetsa silinda poliza) akufa ngati ukutha injini ikatentha, nozo yoipa, taimingi yochedwa, compression (kupanikizika kwa mpweya mu silinda) yochepa. Utsi wabuluu ndi wa oyilo, si nkhani ya pampu.

Za taimingi: ikachedwa, injini imavuta kulira, imatentha ndipo ilibe mphamvu, ikafulumira, imagogoda ngati nyundo. Siisuntha yokha kawirikawiri, ndiye funsani ngati pampu inachotsedwapo posachedwa. Pa mainjini a ma shim, kuonjezera shim kumachedwetsa, kuchotsa kumafulumizitsa, ndipo pa Yanmar yaing'ono shim ya 0.1 mm imasuntha pafupifupi digiri imodzi. Makaniko akataya kamodzi pomanga, injini imasintha kaliridwe tsiku lomwelo.

Ikunjenjemera, kapena liwiro likukwera n'kutsika lokha

Kukwera ndi kutsika: mpweya ndiwo woyamba, kenako fyuluta yotsala pang'ono kutsekeka, chingwe cha moto cholekera, rack yokakamira, sipuling'i ya gavana yotopa. Pa mapampu a inline amene ali ndi oyilo wawowawo, onani mlingo wake.

Ngati silinda imodzi ikudumpha, pa injini yosakhala ya common rail chitani izi: injini ikulira pansipansi, phimbani nati ya injekita ndi chiguduli chokhuthala, masulani pang'ono, imodzi pa nthawi. Silinda yamoyo ikadulidwa, kaliridwe kamasintha. Imene sikusintha kanthu ndiyo yodwala. Sinthanitsani injekita yake ndi ya silinda ina. Vuto likasamuka, ndi injekita. Likatsala pomwepo, yezani mpata wa mavavu ndi compression. Zikakhala bwino, chatsala ndi delivery valve (vavu ya papampu pamene paipi ya injekita imayambira) kapena plunger ya silindayo.

Oyilo akuchuluka m'malo mochepa

Apa musanyamuke. Oyilo akakwera pa ndodo yoyezera, n'kupyapyala ndi kununkha dizilo, mafuta akulowa mu sampu, mosungira oyilo kunsi kwa injini. Dontho lake pa pepala loyera limasiya bwalo lotuwa lotambalala kunja kwa dontho lakuda. Njira zake ndi labala la mkati mwa lift pump long'ambika, seal ya kutsogolo kwa pampu ya rotary, nozo yodontha, kapena ma plunger otha pa inline. Lift pump ndiyo yotsika mtengo ndiponso yofala, yambirani pamenepo. Mukakonza, sinthani oyilo ndi fyuluta yake.

Kuopsa kwake n'kwakuti injini imatha kuyamba kumwa oyilo wake womwe kudzera m'paipi yopumira, n'kuthamanga mosaletseka, utsi uli tolotolo. Rack yokakamira potsegula imachitanso zomwezo. Kiyi sathandiza, ndipo ngati ikumwa oyilo, kutseka vavu ya dizilo sikuyiimitsa. Imaima ikamanidwa mpweya. Sungani thabwa lathyathyathya pafupi ndi polowera mpweya, ndipo aliyense wa m'boti adziwe ntchito yake. Musatseke ndi dzanja kapena nsanza. Chozimitsira moto cha CO2 chopoperedwa polowera mpweya chimagwiranso ntchito. Musaime m'mbali mwa flywheel. Injini imene yathamanga chotere isalizidwenso mpaka katswiri ayione.

Dizilo akudontha kunja kwa pampu

Tsukani, umitsani, lizani, muone pamene payamba kunyowa. Mawashala a kopa ndi manati olekera mungakonze nokha. Washala akhale watsopano nthawi zonse. Paipi ya injekita yong'aluka isinthidwe ndi ina ya utali ndi bowo lofanana, osawotcherera, ndipo timakilampu togwira mapaipi tibwerere, pakuti kunjenjemera ndiko kumawathyola.

Kudontha pa shaft ya moto kapena pachivundikiro chapamwamba ndi malabala okalamba. Kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola imanyamula dizilo wa sulphur wochepa. Ndi mafuta abwino kwa injini, koma malabala akale a nitrile amene anazolowera dizilo wakale amatha kufota n'kuyamba kuchucha. Posintha pemphani a Viton. Podontha pakakhala pa delivery valve, musangolimbitsa ndi mphamvu. Kumanga mopitirira kumapinda barrel ndipo rack imagwira.

Nthawi yosiya n'kuitana katswiri

- mafuta abwino akulowa koma sakutuluka ku injekita iliyonse
- mwapeza tizidutswa ta chitsulo tonyezimira mu fyuluta, pa solenoidi kapena m'paipi yobweza
- rack siikuyenda momasuka
- injini yathamangapo mosaletseka
- boti linamira kapena madzi anadutsa m'pampu; khuthulani, dzazani dizilo woyera tsiku lomwelo, tumizani msanga dzimbiri lisanagwire
- vuto lililonse la kumbali imene mafuta amapanikizidwa kwambiri pa common rail

Mkati mwa pampu simotsegula pamchenga wa kugombe. Kuchuluka kwa mafuta a silinda iliyonse kumalinganizidwa pa benchi yokha.

Pochotsa, ikani silinda yoyamba pa chizindikiro cha taimingi, lembani mzere wodutsa pampu ndi injini, jambulani ndi foni, ndipo injini isazungulitsidwenso. Samalani kakiyi ka pa shaft kasagwere m'bokosi la magiya. Werengani ma shim n'kuwamanga pamodzi. Tsekani mabowo onse ndi timapulasitiki toyera, osati thonje. Tumizani pampu pamodzi ndi mainjekita onse, nambala yolembedwa pa pampuyo, dzina la injini, botolo loonekera la mafuta otengedwa pansi pa thanki, ndi kalata yofotokoza chizindikiro: kutentha kapena kuzizira, utsi wamtundu wanji, pa giya kapena pa nyutulo. Ku wokonza pemphani pepala la zotsatira za benchi ndi zitsulo zakale zimene zachotsedwa.

Pampu isanabwerere pa injini, thanki itsukidwe, mapaipi apemereredwe, mafyuluta onse akhale atsopano. Musadzaze fyuluta yomaliza ndi mafuta a m'chigubu kudzera pa bowo lapakati, chifukwa amenewo amapita ku pampu osasefedwa. Popani ndi dzanja. Mukamanga ndi kuchotsa mpweya, mangirirani boti pa doko ndi zingwe zolimba, lowetsani giya, ilire theka la ola pa moto wapakati masana kukuwala, kenako zimitsani, yezani oyilo, onani podontha ndi katoni, ndipo muyilizenso ikadali yotentha.